Za kumwezi zilowe mu bajeti, zamatisheti takwana nazo

Sabata yatha ndinaimirira pa miting'i ya chitukuko kudera kwathu kuno nkutchula mawu oti kusamba pamaso pa mafumu, abusa awiri ndi bambo wina amene anatumidwa ndi a phungu athu, ndipo chete amene anagwa mu holo muja eeh, mumachita kumva malata akuthetheka ndi dzuwa. Tinakumana kuti tikambirane kuti ndalama za CDF, thumba lija la chitukuko cha dera la phungu, zipite kuti chaka chino, anthu anali atatchula kale mlatho, nyumba ya mphunzitsi, shedi ya pamsika, zonse zofunika sindikukana ayi. Nde ine ndinangoti a tcheya, pasukulu yathu ya pulaimale atsikana akakhala kumwezi alibe posinthira, chimbudzi chawo chilibe chitseko, madzi ali ku mjigo kuseri kwa galaundi komwe anyamata amamenyera mpira, tikupempha kachipinda kamodzi kokha kokhala ndi loko, ndowa ndi sopo. A tcheya anatsokomola kaye kenako nkuti mayi, zimenezo ndi za kwa anankungwi, mukakambirane muli amayi nokhanokha. Anthu kuseka. Ine ndinakhala pansi mtima ukugunda ngati ndaba nkhuku.

Ndili mu gulu la amayi la pasukulupo, lija timangoti mother group, zaka zinayi tsopano. Loweruka lina lililonse timakumana m'kalasi ya sitandade 8 ndi mashini imodzi yakalekale yopalasa ndi mwendo, timasoka mapadi ochapa, ndipo ntchito ina ndiyoyenda m'makomo kukatenga ana amene ayamba kujomba. Ukafika pakhomo mayi ake amangokuuza kuti akudwala m'mimba, mwanayo ali m'nyumba wadzikulunga chitenje sakufuna nkutuluka komwe, iwe umadziwa kale. Madamu wina wa sitandade 7 anandionetsa rejisitala yake, mayina ena ake mwezi uliwonse pali mipata itatu yotsatizana, mwezi winawo chimodzimodzi kungosuntha pang'ono. Werengani nokha, masiku 3 pamwezi kwa miyezi 9 yasukulu ndi masiku 27, kuposa mwezi wathunthu wa m'kalasi, ndiye mwana ameneyu adzalemba mayeso omwewo a sitandade 8 ndi mnyamata amene sanajombeko, nkumati atsikana ndi ofooka pa masamu.

Ineyo zinandipeza ndili sitandade 7 momwemo. Amayi anga sanandiuze kanthu, mwambo wake sunali wotero, anangoitana azakhali ndipo azakhali anandilowetsa kuchipinda nkundipatsa nyanda zong'amba ku chitenje chakutha, nkuyamba malamulo. Usathire mchere m'ndiwo ungadule anthu. Usasewerenso ndi anyamata. Nyandazi asazione bambo ako kapena mlongo wako, ukachapa uziyanika m'nyumba pobisika. Malamulo onse ndinawasunga bwinobwino koma palibe anandiuza kuti nsalu yoyanikidwa mumdima siuma, imanunkha chinyontho ndipo imasupula m'ntchafu mpaka kumayenda motang'adza, palibenso anandiuza kuti m'mimba mudzapota kangati kapena magazi ochuluka bwanji ndi oti ndithamangire nawo kuchipatala. Tsiku lomwe ndinadetsa yunifolomu m'kalasi ndinakhala pa desiki mpaka onse atatuluka, mnzanga nkundibwereka juzi yomanga m'chiuno. Sindinapite kusukulu sabata yonse. Pano ndili ndi mwana wamkazi pasukulu yomweyo ndipo chimbudzi chake chikadali chopanda chitseko, anangosintha dzenje.

Nde chimene chimandinyansa ine ndi ichi. Pa 28 May paliponse, tsiku lokumbukira za msambo padziko lonse, timavala matisheti. Tsikuli linayamba mu 2014, analiyambitsa ndi bungwe la ku Germany lotchedwa WASH United, ndipo anasankha dala 28 chifukwa cha masiku a mwezi wa mzimayi ndi May chifukwa ndi mwezi wachisanu, masiku asanu amene ambiri timasamba. Ganizo labwino ndithu. Koma kuno kwathu chasanduka chikondwerero cha zipewa, timaguba kuchoka pa trading kukafika pa galaundi, ana amanena ndakatulo, mlendo wolemekezeka amafika mochedwa nkuwerenga zolembedwa ndi wina, amajambulitsa atanyamula katoni ya mapadi, ena amasaina ma alawansi, ife timalandira fanta ndi bani. June akamafika katoni ija yatha. Msambo sudziwa kuti projekiti inatseka kapena ma donor asintha maganizo, umabwera basi mwezi ndi mwezi kuyambira mwana ali ndi zaka 12 kapena 13 mpaka cha m'ma 50 uko.

Ndikamati nkhaniyi ikhale ya boma sindikunena kuti nduna izibwera kudzavina nafe. Ndikunena mzere mu bajeti, ndalama yake yolembedwa, ndi ofesi yodziwika yoti zikapanda kuchitika tikagogode pamenepo nkufunsa kuti bwana zili pati. Taonani za feteleza wotsika mtengo, kaya mumaikonda pulogalamuyo kaya ayi, aliyense amadziwa kuti ili pansi pa unduna wa zaulimi, aphungu amakanganirana mu Nyumba ya Malamulo mpaka kutulutsana, wayilesi imafunsa kuti matumba afika angati ku Nsanje. Chimenecho ndiye chinthu choti boma lachiika patsogolo. Za kumwezi ukafunsa a zamaphunziro amakulozera kwa a zaumoyo, a zaumoyo akuti ndi za madzi ndi ukhondo, a zamadzi akuti pitani ku jenda, a jenda akuti tikudikira ma partner. Mwana wa anthu ambiri amagona ndi njala ndithu.

Ndisaname, pali chomwe chinasunthako. Mu February 2022 a Sosten Gwengwe ali nduna ya zachuma anaima mu Nyumba ya Malamulo powerenga bajeti ya 2022/23 nkulengeza kuti boma lachotsa msonkho wa duty ndi excise pa mapadi. Sizinangogwa kumwamba zimenezo, panali atsikana ndi mabungwe amene anakhala akulemba makalata, kupita ku misonkhano ija nduna imayenda kumva maganizo bajeti isanalembedwe, kuvutitsa aphungu achizimayi mpaka anamva. Ine tsiku limenelo ndinaimbira foni mng'ono wanga ndikukuwa ngati Flames yagoletsa, kungomva bambo wovala suti akutchula mapadi mu Palamenti osaseka zinali zachilendo. Koma chimwemwe chake chinali cha miyezi itatu. May chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, mapadi ambiri amachokera kunja ndiye kamene tinapulumutsa pa msonkho kanamezedwa konse, pa okala mtengo unangokwera ngati china chilichonse. Mayi amene ali ndi atsikana atatu m'nyumba, iyenso wachinayi, akagwira ndalama ya ganyu asankha ufa, ndipo ine sindingamuweruze.

Anzathu a ku Tanzania anaziona kale izi. Anachotsa msonkho wa VAT pa mapadi mu 2018, chaka chotsatira mu 2019 boma linaubwezeretsa likuti mitengo m'mashopu sinatsike, phindu linangotsalira kwa amalonda. Nde kuchotsa msonkho kokha opanda wina woyenda m'magolosale kukaona ngati mtengo watsikadi, ndikungowonjezera phindu la mwini shopu. Komanso tinene zoona, mtsikana wa kumudzi kwathu amene sanagulepo paketi chibadwire, msonkho uchoke usachoke kwa iye ndi chimodzimodzi, ziro kuchotsera msonkho ndi ziro yomweyo.

Za malonjezo a pa kampeni ndiye musandiuze nkomwe. Ku Uganda a Museveni pokopa anthu chisankho cha 2016 chisanachitike analonjeza mapadi aulere kwa atsikana a m'sukulu. Atawina, mu 2017 nduna ya zamaphunziro, amenenso ndi akazi awo a Janet Museveni, anauza aphungu kuti ndalama zake palibe. Mayi wina wophunzira kwambiri wa pa yunivesite ya Makerere, Stella Nyanzi, anakwiya nkuyamba kusonkhetsa yekha ndalama zogulira mapadi uku akuwalalatira pa Facebook ndi mawu oti ine sindingawalembe pano amayi anga angawerenge kkkk, mapeto ake anamangidwa nkukhala m'ndende pafupifupi mwezi. Mlandu unali wonyoza pulezidenti, koma chiyambi chake chinali lonjezo la pa nsanja lomwe silinalembedwe paliponse pomwe munthu angaligwire. Ndichifukwa chake ine wandale akanena pa msonkhano kuti ana athu aakazi tidzawaganizira ndimangoyang'ana kumbali.

Kenya ndi imene ndimaitsatira kwambiri chifukwa anayamba kale ndipo mavuto awo akufanana ndi athu. Iwo VAT anachotsa mu 2004, ife tikadali m'tulo. Mu 2017 a Uhuru Kenyatta anasaina kusintha kwa lamulo la maphunziro kuti boma lizipereka mapadi aulere kwa mtsikana aliyense wotha msinkhu amene ali pasukulu ya boma, ndipo mu 2020 anakhazikitsa ndondomeko yapadera ya dziko lonse yokhudza za msambo. Sikuti zonse zili myaa, madandaulo ndi ambiri oti mapadi safika m'sukulu zina, amafika mochedwa, pulogalamuyo yakhala ikusamutsidwa kuchoka unduna uwu kupita uwo. Koma kusiyana kwake nkwakuti mayi wa ku Kenya akamadandaula amanena kuti mukuphwanya lamulo, pamene ine ndikamadandaula ndimati chonde tithandizeni. Ndipo ngakhale kumeneko manyazi sanathe, mu February 2023 senator wina Gloria Orwoba analowa mu nyumba yawo ya malamulo atavala suti yoyera buluku litadetsedwa ndi magazi, anzake ena, azimayi omwe, anaimirira kudandaula kuti wanyozetsa nyumbayo ndipo anauzidwa kuti atuluke akasinthe. Ena ankati wachita dala ndi utoto. Kaya anachita dala kaya ayi, ine chomwe ndinaona nchakuti akuluakulu opanga malamulo anachita ndendende zomwe anyamata a sitandade 7 anandichita ine.

Ndikatchula Scotland anthu amati aaa amenewo ndi azungu olemera musatiyerekeze nawo. Zoona ndalama zawo si zathu. Koma chomwe ndimatolapo si ndalamazo, ndi khama la mayi mmodzi phungu, Monica Lennon, amene anaikakamira nkhaniyi zaka zingapo, boma lawo poyamba likukayikira za mtengo wake, mpaka mu November 2020 aphungu onse anavomereza opanda wotsutsa ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu August 2022. Ndipo lamulolo limatchula mwini ntchito, makhonsolo ndi masukulu ndi amene ayenera kuonetsetsa kuti zinthuzi zikupezeka mwaulere kwa aliyense wozifuna. Kutchula mwini ntchito sikufuna madola. Pafupi pompa pa Zambia, abale athu a ku Chipata amene timayankhula nawo chimodzimodzi, lamulo lawo la ntchito limapatsa mzimayi tsiku limodzi pamwezi lopuma opanda kukatenga kalata kwa dokotala, amalitcha Mother's Day ngakhale ulibe mwana. Mabwana ena amadandaula kuti ena amalitenga Lachisanu dala, mwina ndi zoona, koma lilipo ndipo linalembedwa.

Tsono ife tikufuna chani kwenikweni, poti ena amaganiza kuti nkhani yonse ndi mapadi. Mapadi ndi mbali imodzi chabe. Ife timasoka ochapa aja ndipo ndi abwino, mwana akawasamala amatha nawo chaka, koma ochapa amafuna madzi, amafuna sopo, amafuna dzuwa, amafunanso panti yoti agwirepo ndipo mungadabwe kuti ndi ana angati alibe panti. Mwana wavala padi kuchokera 6 koloko m'mawa, wayenda makilomita anayi, afika nayo 1 koloko asanasinthe chifukwa posinthira palibe, ndiye mwamuthandiza chani. Ogula aja nawonso akatha ntchito amatayidwa kuti, m'chimbudzi cha dzenje amadzazitsa msanga, ena amaopa kutaya poonekera kuti angawatole a zamankhwala, ndiye amawanyamula m'chikwama tsiku lonse. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayamba ndi pulani ya sukulu, kuti buloko iliyonse yomangidwa ndi ndalama za boma kaya za CDF kaya za bungwe, isalandiridwe ngati palibe chipinda chosinthira chokhala ndi chitseko, loko wa mkati ndi madzi pafupi. Kontilakita asalipidwe ndalama yomaliza. Zikatero simufunikanso kuguba.

Kenako ka ndalama kaja kamabwera kusukulu za pulaimale kothandizira chitukuko cha pasukulu, kamachedwa inde ndipo ndi kochepa, koma mutalembedwa momveka kuti gawo lakuti ndi la sopo, ndowa ndi mapadi a mwadzidzidzi osungidwa kwa madamu, ahedi sangamachite kusankha pakati pa choko ndi atsikana. Panopa zimangodalira mtima wa ahedi, ukapeza wabwino mwayi wako, akasamutsidwa zathera pomwepo.

Kuchipatala nakonso. Mng'ono wanga uja anavutika zaka zambiri, mwezi uliwonse kugubuduka pansi, kusanza, kukomoka kumene, akapita kuchipatala chaching'ono amangomupatsa panado nkumuuza kuti zidzasiya ukadzabereka. Anabereka, sizinasiye. Anadzapezeka ndi zotupa za m'chiberekero atatha kale magazi m'thupi, maso ali mbee. Pali matenda enieni kuseri kwa ululu umenewu, monga ma fibroid, zotupa zija, ndi endometriosis, amene amafuna munthu wophunzitsidwa kuti awaganizire msanga, koma poti tinakula tikumva kuti mkazi amapirira, ngakhale ovala zoyera ena amaona ngati ukudzikometsa. Nchifukwa chake ndimakana anthu akamati iyi ndi nkhani ya ukhondo basi, ngati kuti vuto ndi loti atsikana sasamba m'thupi. Ndi nkhani ya umoyo.

Ndipo mukukumbuka namondwe wa Freddy mu March 2023, anthu opitilira theka la miliyoni atasowa pokhala kummwera, makalasi a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe atasanduka misasa. Ine ndinapitako kukaona achibale pa kampu ina, mzimayi wathawa usiku ndi chitenje chimodzi chomwe wavala, matope mpaka m'chiuno, m'kalasi muli anthu osawerengeka amuna ndi akazi omwe, ndiye msambo wabwera. Thandizo loyamba linali ufa, nyemba, mabulangete, zoyenera ndithu, timatumba ta amayi tija tokhala ndi mapadi ndi sopo tinabwera ndi mabungwe ndipo pomwe ndinali ine sitinakwane. Mayi wina anang'amba bulangete lomwe analandira. Mvula ya mkuntho ibweranso, tonse tikudziwa, nde bwanji zinthu zimenezi zisakhale pa mndandanda wa boma wa katundu wa ngozi limodzi ndi ufawo. Sindinayambe nkomwe za amayi a m'ndende, kapena mtsikana woyenda pa njinga ya olumala amene chimbudzi cha pasukulu sangalowemo ngakhale tsiku wamba.

Pali amene amandiuza kuti boma lili ndi zambiri, mankhwala kulibe, mafuta kulibe, forex kulibe, inu mukubwera ndi za mapadi. Ndimawamva. Koma dziko lomweli linasintha Constitution mu 2017 kuti mwana asakwatiwe asanafike zaka 18, tili ndi ndondomeko yoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu, mafumu ngati a Kachindamoto ku Dedza anathetsa maukwati a ana ambirimbiri nkuwabweza m'kalasi. Ntchito yonseyo kuti mwana akafike pa desiki, nde tikamutaye chifukwa cha chitseko ndi ndowa? Komanso ena mwa ana amene timakawatenga m'makomo ali ndi mimba, ukacheza nawo bwino amakuuza kuti chibwenzicho chinayamba ndi ndalama ya sopo ndi mapadi kwa bambo wa kabaza kapena wa pa okala. Makondomu kuchipatala cha boma ndi aulere ndipo ndi bwino kuti akhale aulere, ine sindikuti achotsedwe, ndikungoti amene anakhala pansi nkuona kuti ichi nchofunika kugawa analinso ndi mwayi woona chinachi.

Tibwerere ku miting'i ija. Anthu atamaliza kuseka, anaimirira gogo wina wamwamuna, nduna ya amfumu, munthu woti sindinkamuyembekezera olo pang'ono. Anati a tcheya, ine ndikulera zidzukulu zitatu zazikazi mayi awo anamwalira, mwezi uliwonse ndimagulitsa nkhuku kapena ndimaona mwana atakhala pakhomo osapita kusukulu, ndiye musati ndi za amayi okha, kwathu kulibe mayi. Holo inakhalanso chete koma chete wina. Madamu uja anatulutsa rejisitala m'chikwama nkuyamba kuwerenga masiku osatchula mayina. Bambo wotumidwa ndi a phungu uja anayamba kulemba mu kabuku kake, kaya amalemba zomwezo kaya amawerengera za mafuta a galimoto, sindikudziwa.

Pamapeto pake kachipinda kathu kanalowa pa mndandanda, nambala 6 pa zinthu 7, pansi pa shedi ya pamsika. A tcheya polemba pa bolodi anakanika kulemba mawu enieniwo, analemba kuti chipinda cha atsikana, ine ndinati palibe vuto bola chilembedwe ndipo ndinajambula bolodilo pa foni asanafufute. Mndandandawo ukupita ku khonsolo mwezi wamawa ndipo tamva kale kuti kumeneko zinthu za pansi zimadulidwa. Tagwirizana amayi asanu ndi gogo uja kuti tikakhale nawo pa benchi ya kumbuyo tsiku limenelo, thiransipoti tikusonkha tokha, madamu akuti abweretsa rejisitala ya chaka chathanso. Kalata yopita kwa a phungu yofunsa kuti adzafunse nduna ya zamaphunziro mu Nyumba ya Malamulo kuti ndi sukulu zingati za boma zili ndi posinthira talemba kale, yatsala kusainidwa ndi amfumu, akuti tiwapeze Lachiwiri akabwera ku maliro.